Zoimikira matailosi ndi zokankhira khoma: tiyambire pati popanga zathu?

Wongoyamba_Kusema

Moni nonse akuluakulu a pagulu lino. Ndikupempha nzeru kwa amene anapangapo zoimikira matailosi za masewera a mahjong a ku America pamodzi ndi zokankhira zake. Matailosi amene timasewerera, tizidutswa tolembedwa zizindikiro togwira ntchito ngati makhadi, ndi abwino ndithu, koma zoimikira zapulasitiki zimene zinabwera nawo m'bokosi zikutisowetsa mtendere. Munthu akati akankhire pakati pa tebulo khoma, lomwe ndi mizere iwiri yosanjikizana ya matailosi amene sanatengedwe, mzere wapansi umapita bwinobwino pamene matailosi a mzere wapamwamba amatsalira, ena n'kugwera pa chokankhira, ena n'kugadabuka nkhope zawo kuonekera kwa aliyense. Zikatero masewera amakhala aonongeka kale, chifukwa wa maso akuthwa wadziwa chimene chikubwera. Vuto lina n'lakuti choimikiracho n'chopepuka kwambiri, moti chimabwerera m'mbuyo pamene chokankhira chikupita kutsogolo.

Ndaganiza zopanga zinayi zanga. Ndili ndi zida zochepa za ukalipentala, ndiponso pali mnzanga amene ali ndi makina osindikiza zinthu a 3D. Ndikufuna kudziwa kutalika koyenera, kapendekekedwe ka potsamira matailosi, komanso ngati chokankhira chiyenera kumangiriridwa ku choimikira kapena chikhale chochotseka.

Wamatabwa

Takulandirani, a Wongoyamba. Musanadule thabwa lililonse, tengani matailosi 19 muwandandalike mogundana pa mzere umodzi, ndipo muyeze mzere wonsewo kuchokera kunsonga kukafika kunsonga inzake. Musayeze limodzi n'kuchulukitsa, chifukwa mukaphonya ndi theka la milimita pa tailosi limodzi, pofika pa la 19 mwaphonya ndi pafupifupi sentimita yathunthu. Ndikuti 19 chifukwa mahjong a ku America amaseweredwa ndi matailosi 152, ndipo aliyense mwa osewera anayi amamanga khoma la milu 19, mulu uliwonse wa matailosi awiri osanjikizana. Khoma limenelo limatsamira kumsana kwa choimikira, choncho ndi limene limalamula kutalika kwake, ngakhale kuti m'manja mumangokhala ndi matailosi 13 kapena 14. Ngati matailosi anu ali mamilimita 23 mulifupi, khoma likhala mamilimita 437, ndipo ine ndikanaonjezerapo 10 kapena 15 kuti milu ya kunsonga isalendewere. Muyezenso m'kati mwa bokosi losungiramo, poti choimikira chokongola chimene sichilowa m'bokosi chimathera pa kabati, osati pa tebulo.

Msomali19

Za mzere wapamwamba umene ukugwa, ndikupempha a Wongoyamba kuti ayeze zinthu ziwiri n'kutiuza: kuchindikala kwa tailosi limodzi ndi msinkhu wa chokankhira chimene ali nacho. Ndikukayikira kuti chokankhiracho n'chachifupi msinkhu. Matailosi ambiri a mtundu umenewu amakhala pafupifupi mamilimita 13 kuchindikala, kutanthauza kuti khoma la mizere iwiri limafika mamilimita 26. Chokankhira chikangofika pa 14 kapena 15, chimene chikukankhidwa ndi mzere wapansi wokha, ndipo wapamwamba umangonyamulidwa ndi unzake. Koma matailosi ndi osalala, moti pakati pa awiri osanjikizana palibe chogwirana chokwanira. Dzanja likangofulumira pang'ono, lapansi limachoka lapamwamba likadali pomwe linali. Kuti lapamwamba likankhidwenso molunjika, chokankhira chiyenera kupyola pakati pake, ndipo pakati pa mzere wapamwamba pali pa mamilimita 19 ndi theka kuchokera pa tebulo. Ine sindingapange chochepera 22.

Wongoyamba_Kusema

Ndayeza monga mwanenera, a Msomali. Tailosi ndi mamilimita 13, chokankhira ndi 14. Mwalasa.

Riichi_Yekha

Mundikhululukire, koma ine sindiona chifukwa chovutikira ndi zonsezi. Timasewera mahjong a ku Japan ndi matailosi 136, makoma a milu 17, ndipo palibe amene amafuna choimikira kapena chokankhira. Matailosi amaima okha, khoma timalisuntha ndi zala.

Mayi_Joka

A Riichi_Yekha, matailosi anu amaima okha chifukwa ndi ochindikala poyerekeza ndi msinkhu wake. A ku Japan amakhala pafupifupi mamilimita 26 msinkhu ndi 16 kuchindikala, pamene a ku America ndi aatali kuposa pamenepo koma opyapyala, moti mukawaimika pa tebulo lopanda kanthu, wina akangogunda mwendo wa tebulo onse agwa. Komanso kaseweredwe kake n'kosiyana. Chiyambire pamene bungwe la National Mah Jongg League linakhazikitsidwa ku New York mu 1937, masewerawa akhala akuyenda m'njira yawoyawo, ndipo choimikira chinasanduka mbali ya malamulo enieniwo. Munthu akatenga tailosi limene wina wataya kuti akwaniritse gulu la atatu kapena anayi ofanana, amaonetsa gululo poliika pamwamba pa choimikira chake, ndipo wina amene ali ndi tailosi loyenera angathe kusinthanitsa ndi joka (tailosi loimira lina m'gulu) amene ali pamenepo. Ndiye a Wongoyamba musaiwale malo athyathyathya apamwambawo. Akhale otakata mokwanira tailosi logona chagada, ndipo kumbali ya khoma kukhale kamlomo kakang'ono koletsa matailosi oonetsedwa kugwera pa khoma n'kusakanikirana ndi amene sanatengedwe.

Riichi_Yekha

Ndamva, mayi. Za joka wosinthanitsidwa pamwamba pa choimikira sindinaziganizire.

Pulinta_Usiku

Ine ndilankhulepo za makina a 3D, popeza atchulidwa. Vuto loyamba ndi kukula kwa malo osindikizira. Makina ambiri a kunyumba ali ndi malo a mamilimita 220 mbali zonse, ena 256. Ngakhale mutagoneka chinthucho mopingasa kuchokera pa ngodya kukafika pa ngodya inzake, pa makina a 220 mupeza mamilimita 311 okha, ndipo pa a 256 mupeza 362. Choimikira cha mamilimita 450 sichingakwane, choncho muyenera kuchisindikiza m'zigawo ziwiri kapena zitatu n'kuzilumikiza. Polumikizirapo ndi pamene pamafunika chidwi chonse. Osewera amasuntha matailosi uku ndi uku m'kangalande ka choimikira nthawi zonse pokonza dzanja lawo, makamaka pa kupatsirana matailosi atatuatatu koyambirira kumene amakutcha Charleston, ndipo kamtunda kochepa kwambiri pa mfundo kamakola tailosi lililonse lodutsapo. Ine ndimasema pang'ono m'mphepete mwa zigawo zonse ziwiri kuti pa mfundo pakhale kokumbika m'malo motukuka, chifukwa tailosi limadumpha kadzenje kakang'ono koma silidumpha chitunda. M'kati ndimasiya chibowo chotalika n'kulowetsamo kachitsulo kowongoka, kamene kamalimbitsa mfundoyo n'kuwonjezeranso kulemera kumene a Wongoyamba akudandaula kuti kulibe. Ngati chokankhiranso chili cha zigawo, mfundo yake isagwere pamalo amodzi ndi ya choimikira.

Za mtundu wa pulasitiki, PLA imasindikizika mosavuta koma imayamba kufewa ikafika pafupifupi madigiri 60, ndipo m'galimoto yotsekedwa imene yaima padzuwa kutentha kungayandikire pamenepo. Chokankhira chachitali ndi chopyapyala chikapindika kamodzi sichibwereranso. PETG imapirira mpaka pafupifupi madigiri 80, ndiye ndi imene ndingasankhe.

Wamatabwa

Zonse zimene a Pulinta afotokozazi ndi ntchito yothetsa mavuto amene thabwa lilibe. Thabwa limodzi la mtengo wolimba, monga maple kapena beech, limatuluka lathunthu popanda mfundo, limalemera lokha, ndipo tailosi likagunda pamenepo silichita phokoso lokwiyitsa.

Pulinta_Usiku

N'zoona, bambo, koma thabwa nalo limafufuma ndi chinyezi ndipo limakhota. Ndinaonapo chokankhira chamtengo chimene chinapindika moti chinkakhudza khoma kunsonga zokha, pakati pali mpata woti chala n'kulowa.

Wamatabwa

Chimenecho chinadulidwa ku thabwa losauma kapena losasankhidwa bwino. Mtengo umafufuma ndi kunyala mopingasa mizere yake, koma motsatira mizereyo kusintha kwake n'kochepa kwambiri, choncho kutalika kwa choimikira sikudzakuvutani. Chimene chimakhotetsa kathabwa kopyapyala ndi mizere yokhotakhota kapena mfundo ya nthambi. Sankhani pamene mizere yawongoka kuchokera kunsonga kukafika kunsonga, mulisiye thabwalo masiku angapo m'nyumba imene mudzasewereremo musanalipale komaliza, ndipo mupake mafuta mbali zonse mofanana kuti chinyezi chisalowe mbali imodzi yokha. Vanishi wochindikala m'kangalande ndimamukana, chifukwa kukatentha amamata pang'ono ndipo matailosi satsetsereka. Mafuta a matabwa ndi phula pang'ono n'zokwanira. Chokankhira chisachepere mamilimita 8 kuchindikala.

Diso_la_Kumanja

Palibe amene wayankha za kapendekekedwe, ndiye ndiyambepo. Pali zinthu ziwiri zimene zimakokana. Tailosi likaima chilili, mwini wake amayenera kuwerama kuti alione, chifukwa maso a munthu wokhala pampando amayang'ana pa tebulo chotsika. Likagona kwambiri, mwini amaliona bwino koma okhala kumanja ndi kumanzere kwake amalionanso popanda ngakhale kusuzumira. Zimene ndinapangapo ine ndinazipendeketsa madigiri 20 kuchokera pa kuima chilili, ndipo sindinamvepo wodandaula mbali zonse ziwiri. Chinthu chimene ambiri amachiphonya ndi pansi pa kangalande. Amapendeketsa potsamira koma pansi n'kupasiya pathyathyathya, moti tailosi limaimira pa kamphepete kake kakumbuyo kokha ndipo limatereka n'kugona. Pansi payenera kupendekeka pamodzi ndi potsamira, kuti pakati pa ziwirizo pakhale ngodya ya madigiri 90 yofanana ndi ya tailosi lenilenilo. Likakhala chotero limakhazikika ndi phazi lonse ndi msana wonse.

Gogo_wa_Madomino

Ana inu, madigiri 20 ndi a anthu a maso abwino ndi khosi labwino. Ife amene timavala magalasi owerengera timaona bwino kudzera m'munsi mwa galasi, ndipo tailosi loima kwambiri limatikakamiza kupeza pokhazika mutu nthawi yonse ya masewera. Ine ndimakonda 30. Ndipo popeza ndalowa kale m'nkhaniyi, ndipempheko chinthu china kwa opanga. Potsamira pasafike kumutu kwa tailosi. Pasiyidwe mamilimita 6 kapena 8 kuti chala chachikulu ndi chamkombaphala zigwire tailosi kutsogolo ndi kumbuyo. Munthu wa nyamakazi sangathe kukolokosa tailosi ndi chikhadabo, ndipo akayesa amagwetsa oyandikana nalo. Mtundu wa choimikira ukhalenso wakuda bwino, chifukwa tailosi loyera pa choimikira choyera limavuta kuona pamene lathera.

Diso_la_Kumanja

Pa zala mwanena zoona, agogo, ndipo ndizitsatira. Pa madigiri 30 ndikadali ndi nkhawa ndi wokhala pambali, makamaka tebulo likakhala laling'ono.

Gogo_wa_Madomino

Nkhawa imeneyo imatha ndi timatabwa tiwiri totchinga kunsonga zonse za kangalande. Wapambali amaonera m'mbali, ndiye mutchingeni m'mbalimo m'malo molanga khosi la mwini dzanja.

Kachipande

Popeza agogo atchula za madomino m'dzina lawo, ndifunseko ngati choimikira chimodzi chingagwire ntchito pa masewera angapo. Ife timasewera Rummikub, Scrabble ndi Mexican Train, ndipo sindikufuna kudzaza kabati ndi matabwa.

Mayi_Joka

Ndinayesapo kuganiza zimenezo, koma masewera amenewa amafuna zinthu zosiyana kwambiri. Pa Scrabble munthu amakhala ndi zilembo 7 zokha mwa matailosi 100, ndipo ntchito yaikulu ya choimikira ndi kumupatsa malo osunthira zilembozo poyesa mawu, choncho kafupi kokhala ndi malo opanda kanthu okwana zilembo ziwiri kapena zitatu n'kokwanira. Kamlomo kakutsogolo kayenera kukhala kotsika kwambiri, chifukwa nambala ya mapointi imalembedwa pa ngodya yam'munsi ya chilembo ndipo kamlomo kotukuka kamaibisa. Rummikub, imene Ephraim Hertzano anayambitsa ndipo inapambana mphoto ya ku Germany ya masewera opambana pa chaka yotchedwa Spiel des Jahres mu 1980, ili ndi matailosi 106. Mumayamba ndi 14, koma nthawi iliyonse imene mwalephera kuika pa tebulo mumatenga lina, ndipo amene sanakwanitse mapointi 30 oyambira angapezeke ndi dzanja lodzaza mizere iwiri. Ndiye pamafunika mizere yosanjikizana, wakumbuyo wokwera kuposa wakutsogolo. Ku Turkey amasewera Okey ndi matailosi 106 omwewo pa choimikira chamtengo cha mizere iwiri chimene amachitcha ıstaka, ndipo chimenecho chingagwirenso ntchito pa Rummikub popanda vuto. Koma kuika zilembo 7 za Scrabble pa chinthu chachikulu chotero n'kungotchinga bolodi.

Gogo_wa_Madomino

Madomino a Mexican Train ndi 91 ngati mukugwiritsa ntchito ofika pa madontho 12, ndipo osewera akakhala ochepa aliyense amayamba ndi ambiri, mpaka 15. Amenewo amagona chambali m'tingalande titatu kapena tinayi, ndipo kangalande kalikonse kangopyola kuchindikala kwa domino ndi milimita imodzi. Kakatakata kwambiri domino limagwedera n'kugwa chagada. Zimenezi n'zosavuta kupanga, kathabwa kamodzi ndi sowo basi, ndipo sizitenga malo m'kabati.

Dzanjalamanzere

Tibwerere ku funso la a Wongoyamba limene silinayankhidwe, loti chokankhira chimangiriridwe kapena ayi. Zakale zambiri zimakoledwa pa kamsomali ka mkuwa kamene kali kunsonga yakumanzere, kamene poyamba kanali kosungirapo tindalama ta masewera tobowoka pakati, ndipo chokankhira chimatseguka ngati chitseko, nsonga yakumanja n'kupita pakati pa tebulo. Zinapangidwa chotero chifukwa matailosi amatengedwa kuyambira kumanja kwa khoma kupita kumanzere, ndipo khoma lina likatha lotsatira ndi la kumanzere kwake, ngakhale kuti osewera amasinthana molowera kumanja. Ineyo ndine wamanzere, ndipo poyamba ndinkafuna kupanga changa chotsegukira mbali inayo, koma sizingatheke popanda kusokoneza katengedwe ka matailosi ka tebulo lonse. Choncho kamsomali kakhale kumanzere kwa aliyense, wamanja ndi wamanzere yemwe.

Msomali19

A Dzanjalamanzere afotokoza bwino za mbali, koma ine ndikutsutsana ndi kumangirira kwenikweniko, ndipo chifukwa changa chili pa chiyambi cha masewera. Wosewera woyamba, wotchedwa wa Kummawa, amaponya madayisi awiri, amawerenga milu yokwana nambala imene yatuluka kuyambira kumanja kwa khoma lake, ndipo milu imeneyo imatsala pa choimikira kuti idzakhale yomalizira. Chimene chimakankhidwira pakati ndi chotsalacho. Madayisi awiri amatulutsa nambala iliyonse kuyambira 2 mpaka 12, kutanthauza kuti malo odulira khoma amasintha pa masewera aliwonse. Chokankhira chomangirira pa kamsomali chimasesa khoma lonse, pamodzi ndi milu imene imayenera kutsala, choncho wa Kummawa amayenera kuinyamula ndi manja kuichotsa kaye panjira, kenako n'kuibwezera kuseri kwa chokankhira. Pamenepo ndi pamene matailosi amagwa kawirikawiri. Chochotseka mumangochitsetserezera kumanzere mpaka nsonga yake itapyola milu yowerengedwayo, n'kukankha zotsalazo. Wina angati tiboole mpata wautali m'malo mwa chibowo kuti chizitsetsereka chikadali pa kamsomali, koma milu 12 ya mamilimita 23 ndi mamilimita 276, ndipo mpata wotalika chotero pa kathabwa kopyapyala ukusiyirani chinthu chosalimba.

Dzanjalamanzere

Nanga chochotsekacho chimakhala bwanji pamalo pake pomanga khoma? Anthu amakanikiza matailosi ku choimikira kuti mzere uwongoke, ndipo chokankhira chosamangirira chimagwa kapena kutsetsereka.

Msomali19

Timaginito ting'onoting'ono ta neodymium tiwiri kapena titatu timathetsa zimenezo. Tisakhale tamphamvu kwambiri, chifukwa mukamalimbana nato kuti chokankhira chimatuke, chimamatuka modzidzimutsa n'kumwaza khoma lomwelo limene mumafuna kuliteteza.

Pulinta_Usiku

Ndiwonjezerepo ziwiri pa timaginito. Musaike maginito mbali zonse ziwiri. Muike maginito m'choimikira, ndipo m'chokankhira muike kachitsulo wamba. Mukatero simudzavutika ndi zoti mbali iyi ikukoka, iyi ikukankha, ndipo chokankhira chilichonse chidzagwira pa choimikira chilichonse mwa zinayizo. Kachitsuloko kakakhala kakatali, chokankhira chimagwirabe ngakhale mutachitsetserezera kumanzere monga a Msomali afotokozera. Chachiwiri n'chachikulu kuposa masewera: timaginito timeneti tikwiriridwe m'kati mosatheka kutuluka, osangotimata ndi guluu pamwamba, chifukwa mwana akameza tiwiri timakokana kudzera m'matumbo ndipo tingamuvulaze koopsa. Pa makina a 3D mumaimitsa kusindikiza pakati, n'kuikamo maginito, makina n'kupitiriza kutseka pamwamba pake. Pa thabwa mumaboola kuchokera pansi n'kutsekapo ndi kachidutswa ka mtengo.

Riichi_Yekha

Pamenepo ndingathandizepo. Matailosi opangidwira matebulo osakaniza okha ndi magetsi amakhala ndi maginito m'kati, choncho amene ali ndi oterowo ayese kaye kuona ngati sakukakamira ku choimikira asanakwirire chilichonse.

Wamatabwa

Ndavomera kuti chochotseka chili ndi ubwino pa kudula khoma, ngakhale kuti ine kamsomali ndimakakondabe chifukwa chomangirira sichisowa. Pali kanthu kena kamene ndaona pa mitundu yonse iwiri. Pamene chokankhira chikuzungulira, milu siingopita kutsogolo kokha koma imasendera pang'onopang'ono kunsonga yakumanja, ndipo mulu womalizira nthawi zina umapulumuka n'kutsalira. Ine ndimamata kangowe kakang'ono kunsonga imeneyo, kotulukira kutsogolo mamilimita 5 kapena 6, kuti kagwire mulu womalizirawo.

Msomali19

Kangoweko sikalola chokankhira kutsetserekera kumanzere, bambo, chifukwa kakola milu yomwe ija imene iyenera kutsala.

Wamatabwa

Kamalola mukachinyamula pang'ono n'kukalowetsa pa mpata umene wa Kummawa watsegula podula khoma. Mpatawo amautsegula kale ndi chala kuti aone pamene wawerengera.

Msomali19

Ndiye kuti pafunika manja awiri ndi kusamala pa ntchito imene tikufuna kuti ikhale ya dzanja limodzi. Ine ndingakonde kuwonjezera kutalika kwa chokankhira ndi sentimita imodzi kuti milu ikhale ndi posendera, n'kumata kansalu kopyapyala pa nkhope yake yokhudza matailosi kuti asaterereke. Pamenepa sitigwirizana, ndipo a Wongoyamba asankha okha.

Mayi_Joka

Palinso dandaulo la choimikira chobwerera m'mbuyo limene tangolikhudza pang'ono. Kulemera kumathandiza, koma chimene chimagwira kwenikweni ndi labala pansi pake. Chenjezo langa n'lakuti timiyendo ta labala timakweza choimikira, ndipo ngati chokankhira chamangiriridwa kapena chagwidwa ndi maginito, nachonso chimakwera n'kusiya mpata pansi pake. Mpata wa mamilimita awiri ulibe vuto, koma ukakula, khadi la chaka losonyeza magulu a matailosi opambanira limene osewera amaliyala patsogolo pawo ndiponso nsalu ya pa tebulo zimayamba kulowa pansi. Kumbani timaenje tosaya pansi pa choimikira kuti labalayo angotulukira milimita imodzi. Pansi pa chokankhira pasakhale labala, pakhale posalala, ndipo kamphepete kake kakutsogolo kazunguliridwe pang'ono ndi sandipepala kuti kasakwinye nsalu.

Wongoyamba_Kusema

Zikomo kwambiri nonse. Ndisanadule thabwa labwino ndayesa mfundo ya a Msomali pa zimene tili nazo kale: ndamata kachidutswa ka katoni yolimba pa chokankhira chimodzi kuti chifike mamilimita 22, ndipo pansi pa choimikira ndaika labala. Mzere wapamwamba sukutsaliranso, ndipo choimikira chakhazikika. Koma kwatuluka china. Pamene dzanja laima, matailosi apamwamba a milu itatu kapena inayi ya kunsonga yakumanja akupitirira kutsogolo n'kulendewera, ena kugwa kumene. Ya kufupi ndi kumanzere sikuchita zimenezo. Timasewerera pa nsalu yochindikala. Kodi vuto ndi nsaluyo?

Msomali19

Nsalu ikuthandizira, chifukwa imagwira mzere wapansi nthawi yomweyo dzanja likaima, pamene wapamwamba uli pa tailosi losalala ndipo ulibe chouimitsa. Koma gwero lake ndi liwiro, ndipo n'chifukwa chake zikuchitika kunsonga kokha. Chokankhira cha mamilimita 440 chikazungulira madigiri 30, nsonga yake imayenda pafupifupi mamilimita 230, pamene mulu wachiwiri kuchokera kumanzere umangoyenda pafupifupi 20 pa nthawi yomweyo. Ndifunseko: mukuchigwira pati pokankha?

Wongoyamba_Kusema

Chapakati koma chakumanzere, pamene pali kachogwirira kamene anaikapo opanga.

Msomali19

Kachogwirira kameneko kali pamalo olakwika. Dzanja likakhala pa gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa chokankhira, nsonga imathamanga katatu kuposa dzanjalo, choncho kukankha kumene inu mukukuona ngati kodekha kukufika kunsonga ngati kuponya. Pa zatsopanozo muike kachogwirira pafupi ndi nsonga yakumanja, mwina masentimita 6 kapena 8 kuchokera kumapeto, kuti mulu wothamanga kwambiri uziyenda pa liwiro la dzanja lenilenilo ndipo muzimva m'zala pamene muyenera kuchepetsa. Kakhale pamwamba pa chokankhira koma kopendekera kwa inu, kuti zala zisagunde matailosi apamwamba.

Gogo_wa_Madomino

Ndipo kachogwirirako kakhale kokula moti nsonga za zala ziwiri n'kukwanapo, osati kachitsotso kofuna kutsinidwa. Mukapanga choyamba mupatse munthu wamkulu kwambiri pa tebulo lanu kuti akankhe khoma lathunthu la milu 19 ali chikhalire pampando, musanadule zitatu zotsalazo.